NKHASI NDI MADZI ACE

1. NKHASI YA PA NJIRA

Mudzi wa Mkaika uli m'boma la Katete, kum'mawa kwa dziko la Zambia. Ndiwo likulu la Kalonga Gawa Undi, mfumu yaikulu ya Acewa. Caka ciri conse, kumapeto kwa mwezi wa August, mafumu a Acewa a m'Zambia, m'Malawi ndi m'Mozambique amasonkhana kumeneko pa mwambo wa Kulamba. Nthawi imeneyo udzu wauma, ndipo matamanda ambiri a m'madambo aphwa. Munthu woyenda pa matope ouma ong'ambika sangaganize kuti pansi pa mapazi ace pagona cinthu camoyo. Koma mvula yoyamba ikagwa m'mwezi wa November, matope aja amafewa, ndipo nkhasi zimene zinadzikwirira m'menemo cirimwe conse zimatuluka ndi kuyamba ulendo wofuna madzi atsopano. Ndiyo nthawi imene ana a sukulu amakomana nazo pa njira.

Tsiku lina lotere mnyamata wina wa m'kalasi lacisanu ndi cimodzi, pocokera ku sukulu, anapeza nkhasi yaing'ono ikuoloka njira ya ku dambo. Cigoba cace cinali ca masentimita 10 m'litali. Anaitola, ndipo pomwepo inatulutsa madzi onunkha amene anamdetsera malaya. Koma iye sanasamale. Atafika kwao anatenga citini cimene kale munali penti, nathiramo madzi, naponyamo nkhasi ija pamodzi ndi mbamu ya nsima. Citinico anaciika pakhonde, pafupi ndi mtsuko wa madzi akumwa, pamene mlongo wace wa zaka ziwiri anali kukonda kusewera.

Agogo ace aamuna ataona zimenezo anapukusa mutu, nati, "Mdzukulu wanga, akulu anati, kamba anyerera amene wamtola. Cinthu camoyo ukacicotsa kwao, mabvuto ace onse asanduka ako." Mnyamatayo anangoseka.

Itapita milungu iwiri madzi aja anatuwa ngati thobwa. Pfungo lace linafika m'nyumba, ndipo nchenche zinasonkhana pakhonde. Nkhasi inaleka kudya, maso ace anatupa natsekeka, ndipo pa cigoba ca kumimba panaoneka timawanga toyera. Mnyamatayo anagwidwa ndi cisoni. M'mawa mwace anapita kwa mphunzitsi wace, nagwada nati, "Aphunzitsi, nkhasi yanga yadwala. Kodi ndiipatse mankhwala anji?"

Mphunzitsi anafunsa za citini, za madzi ndi za cakudya. Atamva zonse anati, "Mwana wanga, cimene cayamba kudwala ndi madzi. Ukakonza madzi, kapena nkhasiyo idzacira." Tsiku lomwelo anaphunzitsa kalasi lonse za nkhasi ndi madzi ace, ndipo zimene anaphunzitsa ndi izi.

2. NKHASI NDI FULU

Ana ambiri amayesa kuti nkhasi ndi fulu, amene ena amati kamba, ndi nyama imodzi. Iai, nzosiyana. Fulu amakhala pa mtunda. Cigoba cace ncotumphuka ngati mphika wobvundikira, miyendo yace njonenepa, ndipo cakudya cace cacikulu ndi udzu ndi masamba. Nkhasi imakhala m'madzi. Cigoba cace ncophwatalala, zala za miyendo yace nzolumikizana ndi kacikopa monga za bakha, ndipo imadya mbululu, acule ang'onoang'ono, nkhono, nyongolotsi, tinsomba, tizirombo ta m'madzi ndi nyama zofa zokha.

Pali kusiyana kwina kosabvuta kuona. Fulu akacita mantha amabweza mutu wace molunjika m'kati mwa cigoba. Nkhasi za m'madambo a ku Katete, Sinda ndi Vubwi zimapinda khosi cam'mbali ndi kubisa mutu pansi pa mphepete mwa cigoba.

Nkhasi ziri za mitundu ingapo. Ya m'matamanda, imene akatswiri a za nyama amaicha Pelomedusa, kawirikawiri siipitirira masentimita 20. Ndiyo imene imadzikwirira m'matope nthawi ya cirimwe, ndiponso imatulutsa pfungo loipa pofuna kuthamangitsa mdani. Ina amaicha Pelusios. Imeneyi iri ndi kacitseko kutsogolo kwa cigoba ca kumimba, kamene kamatsekeka ikabisa mutu. Mtundu wina wa Pelusios umakhala mu mtsinje wa Luangwa, ndipo umakula kufikira masentimita 40. Anthu amauona ukuothera dzuwa pa zipika, nthawi zina ngakhale pa msana pa mvuu. M'nyanja ya Malawi ndi mu mtsinje wa Shire muli nkhasi inanso, ya cigoba cofewa ngati cikopa.

Ngakhale ikhala m'madzi, nkhasi siipuma monga nsomba. Iri ndi mapapo monga munthu, ndipo iyenera kutulutsa mphuno pamwamba pa madzi kuti ikoke mpweya. Ikakanirira pansi pa mwala nthawi yaitali imafa. Cigoba cace si nyumba imene ingatulukemo. Ndico mbali ya thupi lace, pakuti nthiti ndi pfupa la msana zinalumikizana naco, ndipo muli mwazi. Cotero mwana amene aboola cigoba kuti amangepo cingwe, kapena acipaka penti, abvulaza nyama yamoyo imene imamva kuwawa.

Nthawi ya dzinja nkhasi yaikazi imakumba dzenje ndi miyendo yam'mbuyo pafupi ndi madzi, imaikiramo mazira, ndi kukwirira. Kutentha kwa dothi ndiko kumafungatira mazirawo, ndipo tiana timaswa itapita miyezi iwiri kapena itatu. Timadziyendera tokha kunka ku madzi, popanda amai otiyang'anira.

3. CIMENE CIMAIPITSA MADZI

Nkhasi imacita zonse m'madzi amodzi. Imadyeramo, popeza siitha kumeza bwino iri pa mtunda. Podya imang'amba cakudya ndi zikhadabo, ndipo zidutswa zimabalalika. Imadzithandiziranso momwemo, ndi kumwa madzi omwewo. M'thamanda lalikulu zimenezi sizibvuta, cifukwa madzi ngambiri, mvula imaonjezamo ena, ndipo zomera ndi dothi zimalandira zonyansazo. M'citini mulibe cocotsa zonyansa, cotero zimangounjikana tsiku ndi tsiku.

Cimbudzi ca nkhasi ndi cakudya cotsala zikabvunda, zimatulutsa poizoni wochedwa amoniya. Ndiye amene amanunkha mu mkodzo wogonera. Amoniya akaculuka amawawitsa maso ndi khungu la nkhasi, amaifooketsa, ndipo matenda amaigwira msanga. Coopsa cace ncakuti saoneka ndi maso. Madzi angathe kuoneka oyera bwino, koma ali nao poizoniyo.

M'cirengedwe muli anchito ocotsa amoniya. Ndiwo tizirombo tabwino tating'onoting'ono, tosaoneka ndi maso, timene timakhala pa miyala ndi pa mcenga wa m'madzi. Timeneti timasandutsa amoniya kukhala mcere wina wosaopsa kwambiri, umene zomera zimadya monga manyowa. Tizirombo timeneti timatenga milungu ingapo kuti ticuluke, koma sopo amatipha pa kanthawi kocepa. Cifukwa cace miyala ya m'madzi a nkhasi saitsuka ndi sopo. Amangoitsukuluza m'madzi akale omwewo.

Nthawi zina madzi amabiriwira. Cimene cimawabiriwitsa ndi ndere. Ndere zocepa sizipweteka nkhasi, koma zikaculuka zisonyeza kuti m'madzimo mwaculuka zonyansa, ndiponso kuti dzuwa likuwomba pamenepo tsiku lonse.

4. COIKAMO NKHASI

Cinthu coyamba ndi kukula kwa coikamo. Anthu odziwa kusunga nkhasi amatsata muyeso uwu: pa masentimita awiri ndi theka ali onse a cigoba pafunika madzi okwana pafupifupi malita 40. Tsono nkhasi ya masentimita 10, yonga ya mnyamata uja, ifuna malita 160, ndiwo zigubu zisanu ndi zitatu za malita 20. Ndipo nkhasi imakula. Imene lero ikwana m'cikhato, zaka zikapita idzafuna madzi oposa pamenepo.

Kuya kwa madzi kukhale kopitirira utali wa cigoba, makamaka kawiri, kuti nkhasi ikagwa cagada ithe kutembenuka. Koma pakhale mbali ina yosaya, pamene ingaime ndi kutulutsa mphuno popanda kusambira.

Cinthu caciwiri ndi cimene cinali m'cotengeraco kale. Citini ca penti, diramu ya mafuta a galimoto ndi cigubu ca palafini nzosayenera. Zoopsa koposa ndi zigubu za mankhwala opopera mbeu. Alimi ambiri a ku Katete ndi ku Sinda amalima thonje, ndipo zigubu zotere zimapezeka m'midzi. Mankhwalawo amakanirira m'cigubu, ngakhale munthu atacitsuka kangapo. Cigubu cotere siciyenera kusungiramo madzi a nkhasi, a mbuzi, kapena a munthu.

Coyenera ndi beseni lalikulu la pulasitiki limene simunakhalemo mankhwala, kapena kathamanda komangidwa ndi simenti. Simenti watsopano amatulutsa laimu amene amawawitsa khungu, cotero womanga ayenera kudzaza madzi ndi kuwataya kangapo pa milungu ingapo asanaikemo nkhasi.

M'kati mukhale mwala waukulu wophwatalala kapena cipika, cotulukira pamwamba pa madzi, cimene nkhasi ingakwerepo mosabvuta. Ciikidwe molimba kuti cisagwere nkhasi. Pamwamba pakhale waya wa sefa womangidwa bwino. Wayayo achinga agaru, akhwangwala ndi ang'azi, ndiponso achinga mwana wamng'ono, pakuti mwana wokwawa angathe kumira ngakhale m'madzi osaya.

5. MADZI OYENERA

Pa mudzi madzi amacokera ku malo anai, ndipo ali onse ali ndi khalidwe lace.

Madzi a mvula ngabwino, ngati agwera m'cotengera coyera. Koma oyamba kutsika pa denga la malata atayidwe, cifukwa amatsuka pfumbi, dzimbiri ndi zitosi za mbalame.

Madzi a pa mjigo kapena a pa citsime cosamalidwa ngabwinonso. Akhale kaye m'ndowa maora angapo, kuti kufunda kwace kulingane ndi kwa madzi amene nkhasi irimo.

Madzi a pa mpope wa m'tauni amathiramo mankhwala a klorini, ndipo mabanja ambiri amathira klorini m'madzi ao akumwa. Kumeneko nkucita bwino ndithu, pakuti klorini amapha tizirombo ta kolera ndi ta matenda ena a m'mimba, ndipo munthu asaleke kumthira m'madzi akumwa. Koma kwa nkhasi klorini amawawitsa maso, ndiponso amapha tizirombo tabwino tija ta pa miyala. Madzi otere akhale m'ndowa yosabvundikira tsiku lathunthu kapena masiku awiri, kuti klorini auluke.

Madzi a ku dambo ndiwo amene nkhasi inazolowera, koma ali ndi zoopsa ziwiri. Coyamba, mvula imakokololeramo feteleza ndi mankhwala a m'minda. Caciwiri ndi likodzo. M'madzi odikha mumakhala nkhono zina zazing'ono zimene zimasunga tizirombo ta likodzo. Tizirombo timeneti tikatuluka m'nkhono timasambira m'madzi ndi kuboola khungu la munthu amene waimamo. Pambuyo pace munthuyo amakodza mwazi. Mwana wolowa m'dambo kukatungira nkhasi madzi angabwereko ndi nthenda imeneyi. Madzi a ku dambo akakhala masiku awiri athunthu m'cotengera copanda nkhono, tizirombo ta likodzo timafa. Cifukwa ca ici nkhono za ku dambo zisalowe konse m'beseni la pa mudzi, ngakhale nkhasi imazikonda. Mwana amene aona mwazi mu mkodzo wace asabise. Auze makolo, apite ku cipatala, pakuti mankhwala a likodzo alipo.

M'madzi a nkhasi musalowe sopo, phulusa, mafuta, kapena madzi otsukira mbale.

6. KUFUNDA NDI DZUWA

Thupi la munthu limadzifunditsa lokha, koma la nkhasi limatsata kufunda kwa malo amene iri. Madzi akazizira, nkhasi imazizira, imafooka, ndipo cakudya sicigayika m'mimba mwace. Madzi akatentha kwambiri imafa. Madzi oiyenera ngofunda pang'ono, a madigiri 24 kufikira 28.

M'thamanda nkhasi imadzisankhira malo: kukatentha imatsikira pansi pozizira, kukazizira imakwera pa mwala. M'kacitini iribe kothawira. M'mwezi wa October, pamene dzuwa limatentha koposa, madzi ocepa oikidwa pa dzuwa amatentha kwambiri masana asanafike. M'miyezi ya June ndi July madzi ocepa omwewo amazizira kwambiri usiku. Madzi ambiri sasintha msanga cotere, ndipo ici ndi cifukwa cina cofunira cotengera cacikulu. Ciikidwe pamene dzuwa la m'mawa limafika pa mwala, koma theka la madzi likhale pa mthunzi.

Dzuwa limagwira nchito ziwiri pa nkhasi. Limaumitsa cigoba ndi khungu, kotero kuti nguwi ndi tizirombo tobvunditsa cigoba sitipeza pokhala. Nkhasi yosowa pouma imatuluka mawanga oyera ofewa, ndipo cigoba cimayamba kuola. Kuwala kwa dzuwa kumathandizanso thupi kupanga vitamini D, amene amacititsa kuti mcere wa kashiamu wa m'cakudya ulimbitse mafupa ndi cigoba. Mphamvu imeneyi ya dzuwa siipyola galasi la pa zenera. Nkhasi yosungidwa m'nyumba imakula ndi cigoba cofewa ndi copindika.

7. KUSINTHA MADZI NDI KUDYETSA

M'mizinda yaikulu anthu osunga nkhasi amagula makina osefa madzi oyendera magetsi. Pa mudzi popanda makina otere, manja a wosunga ndiwo sefa. Malangizo ace ndi awa:

(a) M'mawa muli monse acotse cimbudzi ndi zotsala zonse ndi kacikho kogwira nchito imeneyo yokha.

(b) Masiku atatu ali onse akhuthule gawo limodzi la magawo anai a madziwo, ndi kuthiramo ena amene anagonera m'ndowa. Pfungo likamveka asayembekeze tsiku lacitatu.

(c) Podyetsa, aike nkhasi m'beseni lina laling'ono la madzi ofunda cimodzimodzi. Ikatha kudya ikhalemo kanthawi, ndipo aibwezere m'malo mwace. Potero zotsala zambiri sizifika m'madzi ace ogonamo.

(d) Cakudya cikhale nyongolotsi, ziwala, inswa ndi tinsomba tatiwisi, zosacokera m'munda wopopera mankhwala. Nsima, buledi, ndiwo za mcere ndi kapenta wa mcere si cakudya ca nkhasi. Nsima imasungunuka ndi kusasa, ndipo ndiyo inatuwitsa madzi a mnyamata uja. Cakudya cosayenera cimathandizanso kutupitsa maso.

(e) Muyeso wa cakudya ndi cimene nkhasi ingathe kutsiriza pa mphindi khumi. Yaing'ono idye tsiku ndi tsiku, yaikulu idumphe tsiku.

(f) Madzi akale atayidwe m'dzenje kapena pa tsinde la mtengo, kutali ndi citsime, kutali ndi potsukira mbale, ndiponso kutali ndi ndiwo zamasamba zimene anthu amadya zosaphika.

8. MATENDA AMENE ANGAGWIRE MUNTHU

Mwambi wa agogo uja uli ndi nzeru yoposa imene mnyamatayo anaganiza. M'matumbo a nkhasi, a fulu ndi a abuluzi mumakhala tizirombo tochedwa Salmonella. Nyamazo sizidwala nato, koma timatuluka ndi cimbudzi, ndi kumamatira pa cigoba, pa khungu ndi m'madzi. Nkhasi yooneka yoyera ndi yamphamvu ingakhale nato. Munthu akagwira nkhasi kapena madzi ace, nadya osasamba m'manja, angayambe kutsegula m'mimba, kutentha thupi ndi kumva kupota m'mimba, patapita maora ocepa kapena masiku angapo.

Munthu wamkulu wamphamvu kawirikawiri amacira, koma kwa ana osafika zaka zisanu, okalamba, ndi odwala matenda ofooketsa thupi, nthendayi njoopsa. Ku dziko la United States ana ambiri anadwala cifukwa ca tinkhasi togula m'masitolo, timene anali kutigwiragwira ndi kutiika m'kamwa. Cotero m'caka ca 1975 boma la kumeneko linaletsa kugulitsa nkhasi za cigoba cosafika mainchesi anai, ndiwo masentimita 10. Madokotala amalangiza kuti pa nyumba pamene pali mwana wosafika zaka zisanu pasakhale nkhasi.

Wogwira nkhasi asambe m'manja ndi sopo nthawi yomweyo. Asaipsompsone, asadye poigwira, ndipo ziwiya zace zisasakanizidwe ndi za m'nyumba. Mwana akatsegula m'mimba apatsidwe madzi a mcere ndi shuga a ku cipatala, ndipo afulumire naye kwa a zaumoyo.

Bvuto lina ndi udzudzu. Udzudzu umaikira mazira pa madzi odikha, ndipo nyengo yofunda mphutsi zace zimasanduka udzudzu wouluka pa mlungu umodzi kapena iwiri. Nkhasi imadyako mphutsizo, koma siingathe kutsiriza zonse. Beseni loiwalika pa khomo lisanduka nkhokwe ya udzudzu, ndipo malungo ndi nthenda imene imasautsa kwambiri anthu a cigawo ca kum'mawa. Wosunga nkhasi ayang'ane m'madzi tsiku ndi tsiku. Akaona timphutsi tobvinabvina, akhuthule madzi onse pa dothi louma.

9. LAMULO LA DZIKO

Nkhasi ndi nyama ya m'chire. Lamulo la nyama za m'chire la dziko la Zambia, la caka ca 2015, linena kuti nyama zonse za m'chire ziri m'manja mwa Pulezidenti m'malo mwa dziko lonse. Oyang'anira lamuloli ndi a Dipatimenti ya National Parks and Wildlife. Munthu wofuna kusunga nyama ya m'chire, kapena sukulu yofuna kukhala ndi thamanda la nkhasi lophunzirirapo, ayambe wafunsa kwa iwo. Kugwira nkhasi ndi kuigulitsa kwa anthu odutsa pa mseu popanda cilolezo kungamgwetse munthu m'mlandu.

Pali cinanso coyenera kudziwa. Nkhasi imene inagulitsidwa kwambiri m'masitolo a m'maiko ambiri ndi ya ku America, yokhala ndi banga lofiira kumbuyo kwa diso. Anthu ena itawakulira anaitaya m'mitsinje, ndipo m'maiko ambiri inaswana ndi kulanda cakudya ndi malo a nkhasi za eni dziko. M'caka ca 1997 maiko a mgwirizano wa ku Ulaya analetsa kuilowetsa kwao. Nyama yacilendo isatayidwe m'dambo. Ya m'dziko momwemo ibwezedwe pa malo omwe inatoledwa.

10. KUBWERERA KU THAMANDA

Mnyamata uja atafika kwao anafotokozera amai ace zonse. Amai ace atamva za Salmonella anayang'ana mwana wao wamng'ono, amene anali kusewera pafupi ndi citini, ndipo anamnyamula msanga nakamsambitsa m'manja ndi sopo. Atabwera anati, "Mwananga, cinthu ici cicoke pakhonde lero lomwe. Mlongo wako amaika kanthu kali konse m'kamwa."

Mnyamatayo anapempha kuti ayambe waiciritsa, popeza anaidwalitsa ndi iye. Agogo ace anabvomera, nampatsa beseni lalikulu lakale ndi waya wotsala pa khola la nkhuku. Analiika kuseri kwa nkhokwe, kumene mwana safikako. Anaikamo mwala, nathiramo madzi a pa mjigo ogonera, ndipo anali kuwasintha monga anaphunzirira. Masiku oyamba nkhasi inangokhala pa mwala, maso ali citsekere. Tsiku lacisanu ndi cimodzi diso limodzi linatseguka. Mlungu waciwiri inagwira ciwala, ndipo mawanga a pa cigoba anayamba kuuma.

Koma mnyamatayo anali atawerenga bwino masamu ace. Beseni lija silinafike pa malita 160, ndipo ulendo wa ku mjigo ndi cigubu pa mutu unamdyera nthawi yowerenga ndi yolima. Anazindikira kuti nkhasi imakhala zaka zambiri, kuti idzakula, ndiponso kuti madzi onse amene iye angatunge sangafanane ndi thamanda limene anaicotsako.

Tsiku Loweruka m'mawa anapita ndi agogo ace ku dambo, pa malo pomwe anaitola. Anaiika pansi pafupi ndi madzi, osalowamo iye mwini. Nkhasi inakhala cete kanthawi, inatambasula khosi, ndipo inalowa m'madzi nizimirira.

"Agogo, sindidzaionanso," anatero mnyamatayo.

"Udzaiona," anayankha agogo. "Kuona maso a nkhono nkudekha. Khala pansi apa, usagwedezeke."

Anakhala pa culu osalankhula. Patapita nthawi, pakati pa udzu wa m'madzi panatuluka kamphuno, pambuyo pace kena, ndi kenanso. M'thamanda lija munali nkhasi zinai. Asanabwerere ku mudzi mnyamatayo anaona imodzi ikukwera pa cipika ndi kutambasula miyendo pa dzuwa. Atafika kwao anasamba m'manja ndi sopo, ndipo citini ca penti anakacikwirira m'dzenje la zinyalala.

MAFUNSO

1. Chulani zinthu zitatu zimene nkhasi isiyana nazo ndi fulu.
2. Kodi nkhasi za m'matamanda zimakhala kuti nthawi ya mwambo wa Kulamba?
3. Amoniya amacokera kuti, ndipo ncifukwa ciani madzi ooneka oyera angakhale oipa?
4. Ncifukwa ciani miyala ya m'madzi a nkhasi saitsuka ndi sopo?
5. Nkhasi ya masentimita 20 ifuna malita angati a madzi? Ndi zigubu zingati za malita 20?
6. Fotokozani nchito ziwiri za dzuwa pa thupi la nkhasi.
7. Chulani matenda atatu amene angagwire munthu cifukwa ca kusunga nkhasi mosasamala, ndi njira yopewera nthenda iri yonse.
8. Fotokozani tanthauzo la mwambi wakuti, "Kamba anyerera amene wamtola."

NCHITO

Funsani agogo anu nthano kapena mwambi wina wonena za fulu kapena nkhasi, ndipo muulembe m'buku lanu. Jambulani cithunzi ca thamanda la pafupi ndi kwanu, kusonyeza pamene pali mthunzi, pamene pali mwala kapena cipika, ndi pamene madzi a m'minda amalowera.